Chimene Chinatsitsa a Kasimiro Pangolo

Funso limene ndikufuna kuyankha ndi ili: n'chifukwa chiyani a Kasimiro Mbewe, amene anaphunzitsa goli ng'ombe za midzi yambiri pakati pa Fonte Boa ndi msewu wa ku Kalomwe, anasiya ntchito yawo akadali ndi mphamvu? Anamenyedwa ndi gulu la anthu amene anawayesa wakuba ng'ombe, zimenezo aliyense akudziwa. Koma mafupa awo analumikizana, mlandu unaweruzidwa mowakomera, ndipo amene anawamenya anapepesa pamaso pa anthu. Mwa kuwerengera kwathu, munthuyo anayenera kubwerera pangolo. Sanabwerere.

Tinawaika m'manda m'chisanu chapitachi. Olankhula pamaliro anatamanda luso lawo ndi ulemu wawo, koma zaka zimene anakhala pakhomo osagwira chingwe cha ng'ombe onse anazilumpha. Ine ndine tekiniko wa ziweto, sindine dotolo wa anthu, ndipo ndinawadziwa chifukwa cha katemera wa ng'ombe. Ndilemba zimene ndinaona ndekha, zimene anandiuza akazi awo aNangozo ndi mwana wawo Aluberito, ndi zimene ndaganizira pambuyo pake.

A Kasimiro anabwerera kuchokera ku Malawi, kumene anathawira, nkhondo itatha, monga mabanja ambiri a kuno. Anapeza minda itasanduka tchire ndipo makola ali mabwinja. Anthu atayambanso kuweta, panafunika munthu wodziwa kusandutsa thole kukhala ng'ombe yokoka, ndipo iwo luso limeneli anali nalo kuchokera kwa bambo awo. Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali ndi malamulo amene sankasintha. Thole likakula n'kuthenedwa, ankapita okha kukalitenga, ndipo sankalola mwini wake kapena wina aliyense wa pakhomopo kuperekeza. Ankanena kuti ng'ombe ikamamva mawu a kwawo panjira, miyendo imapita koma mtima umatsalira m'khola lakale. Ankanyamuka m'mamawa n'kudzera tinjira ta m'minda, kumene kulibe kamiyawu, galimoto lonyamula katundu, kapena mota, njinga yamoto, zodzidzimutsa chiweto. Pakhomo pawo ankayamba ndi kukhala pafupi ndi ng'ombeyo, kuilankhula, ndi kuipatsa dzina. Ikalizolowera dzinalo ankaikoketsa chipika, kenako ankaimanga goli limodzi ndi ng'ombe yakale, ndipo pomaliza ankaitulutsira kumsewu ndi ngolo. Chikwapu sankagwira. Ng'ombe zawo zinkayenda, kukhota ndi kuima pomva mayina awo. Ankanena kuti ng'ombe yomenyedwa imakoka ndithu, koma imakoka ikuyang'ana m'mbali.

Sanali munthu wofewa. Akamva kuti mwini wakwapula ng'ombe imene iwo anaphunzitsa, ankamutsata kumunda n'kumunyoza pamaso pa akazi ake, ndipo thole lina la pakhomo limenelo sankalilandiranso. Inenso sankandisiya.

"A Tekiniko, inu mumayamba mwazilasa ndi jekeseni kenako n'kumazisisita. Ine ndimayamba ndi kupepesa."

"Mumapepesa chiyani, musanazilakwire?"

"Goli. Munalinyamulapo lija? Bwerani ndikumangeni ndi ng'ombe yanga Chikasu muone."

Tsiku limene anthu a m'dera lino amakumbukira kwambiri si limene a Kasimiro anamenyedwa, koma lina la chaka chotsatira, nthawi yokumba kachewere. Anali atachira, akulima dimba ndi khasu, koma kumsewu anali asanapiteko. Aluberito anadzaza matumba pangolo kuti akagulitse kwa a makamiyawu ku Kalomwe, ndipo aNangozo anaona kuti mpata ndi umenewu.

"AMbewe, ng'ombezi zikuiwalani. Kwerani."

"Zindiiwale bwanji, ndikugona nazo mpanda umodzi?"

"Kugona si kuyendetsa. Kwerani, anthu akuoneni."

Anakwera. Aluberito akuti bambo ake anayendetsa bwino, akuitana ng'ombe ndi mawu awo akale, mpaka anawoloka mtsinje n'kulowa m'mudzi wa kutsidya. Kumeneko nkhumba inali italowa pamphasa ya ufa, ndipo amayi ankaithamangitsa ndi ndodo akufuula kuti, "Gwirani! Tsekerezani uko! Menyani!" A Kasimiro anataya zingwe, nalumpha ngolo ikuyenda. Mwana wawo anawapeza m'ngalande ya m'mbali mwa msewu, mawondo ali pachifuwa, manja ataphimba mutu, akubwereza kuti, "Ndi ya a Paulo! Ndi ya a Paulo!" Ena anaseka poyesa kuti aledzera. Atayandikira n'kuona kuti mkuluyo wadzinyowetsa, anasiya kuseka. Aluberito anawafunditsa thumba n'kubweza ngolo, kachewere ali momwemo. Kuyambira tsiku limenelo anthu anayamba kunena chapansipansi kuti mutu wa aMbewe sukuyenda bwino, ndipo eni ng'ombe anasiya kuwatumira uthenga.

Kuti mawu a m'ngalande aja amveke, ndiyenera kubwerera kumbuyo. A Paulo anali mlimi wa cha ku Fonte Boa, ndipo tsiku lomenyedwa lija a Kasimiro ankachokera kwa iwo atatenga thole loti akaphunzitse. Inali nyengo yachisanu, nkhungu itaphimba madambo. M'mudzi wa kutsidya uja munali mutabedwa ng'ombe posachedwa, ndipo akuba ankadzera tinjira tomwe tija popita nazo kumalire. Amuna a m'mudzimo ankalondera. Anaona munthu ali yekha, atavala chipewa ndi jekete lalitali, akukoka ng'ombe yosakhala yake panjira yobisika. Chilichonse chimene a Kasimiro ankachita pofuna kuti ng'ombe iyende mwamtendere n'chimene wakuba amachita pofuna kuti asaoneke. Wina anafuula, ndipo palibe amene anafunsa. Anawamenya ndi mipini ya makasu. Iwo ankatchula dzina la mwini ng'ombe, koma m'phokosomo palibe amene anasamala. Anawapulumutsa ndi mayi wina amene anawazindikira n'kudziponya pamwamba pawo. Kuchipatala ku Ulongwe anapeza nthiti zothyoka ndi phewa losweka. Zimenezi zinapola. Khutu lamanzere linagontha mpaka imfa.

Mmodzi mwa omenyawo anali a Fausitino. Iwowa anakhala ndi a Kasimiro mumsasa umodzi wa othawa nkhondo ku Malawi, ndipo a Kasimiro anaimira mwana wawo wamkazi paubatizo. N'chifukwa chake ankaitanana kuti kompadire. Pamlandu a Fausitino ananena zimene ananena anzawo onse: kunali nkhungu, sitinaone nkhope.

Mlanduwo sunapite kutali. Midzi iwiriyi imadyetsa ziweto dambo limodzi, imapemphera tchalitchi chimodzi, ndipo inakwatirana. Akuluakulu a mbali zonse anakumana pakhomo pa a sekeretariyo a mudzi wa kutsidya n'kugamula kuti omenyawo apereke ng'ombe. Popeza a Fausitino ndi amene anali ndi khola lalikulu, ng'ombeyo inachokera kwa iwo. Anthu anadya pamodzi, anagwirana chanza, ndipo panaikidwa lamulo lakuti nkhaniyi yatha, wodzaitchulanso, kaya wa mbali iti, adzalipira mbuzi.

Lamulo limeneli sindikulinyoza. Masiku amenewo Aluberito ndi anzake ankanola zikwanje, ndipo chikhala kuti nkhaniyo inkabwerezedwa pamowa, kukanagwa maliro. Lamulo linaletsa zimenezo ndipo midzi inakhala pamtendere. Koma linatseka pakamwa pa onse mofanana, ngati kuti womenya ndi womenyedwa anali ndi zofanana zoti asunge. Womenya akauzidwa kuti akhale chete, amapumula. A Kasimiro akayamba kunena kuti, "Tsiku lija," anzawo ankawadula moseka: "Mbuzi, aMbewe, mbuzi! Muli nazo zingati?" Iwonso ankaseka nawo, n'kusintha nkhani.

Ndiponso panali ng'ombe ija. Kwa ife ng'ombe ndiyo chipepeso chachikulu koposa, ndipo palibe amene anaganiza kuti ingakhale katundu wolemera kwa woilandira. Inali yofiira, khutu lake litadulidwa chizindikiro cha khola la a Fausitino. M'mawa uliwonse a Kasimiro akatsegula khola ankakumana nayo. Kuigulitsa sakanatha, chifukwa anthu akanati akana chigamulo ndipo akusunga mkwiyo. Ankaidyetsa bwino monga zinzake, koma sanaimangepo goli. Tsiku lina ndikupereka katemera ndinawafunsa dzina lake.

"Funsani amene anaibweretsa."

"Nanga mumaiitana bwanji?"

"Sindiiitana."

Zaka zotsatira ngalande ija a Kasimiro anasintha m'njira zimene munthu wobwera kamodzikamodzi ngati ine ankatha kuziona. Ankakhala msana atautsamiritsa kukhoma, khutu labwino likuloza kunjira. Ku Misa ankaima panja pafupi ndi khomo, ndipo ankachoka anthu asanayambe kutuluka. Kumsika wa ku Ulongwe anasiya kupita. Nkhungu ikagwa sankatuluka mpaka itayera. ANangozo akuti tulo tawo tinali todukaduka, chakudya ankangochigwiragwira, ndipo kanthu kakang'ono, monga chidebe kugwa, kankawakwiyitsa tsiku lonse. Panali nyengo imene anayamba kachasu, munthu amene kale ankangomwa masese pang'ono, kenako anasiya okha poona kuti akaledzera mantha amakula. Kuchipatala chaching'ono ankapita kawirikawiri, akudandaula mutu ndi pachifuwa. Ankalandira makompirimidu, mapiritsi a ululu, chifukwa ululu ndi umene ankatchula. Za mantha sananenepo.

Tsiku lina aNangozo anawafikira mbali ya khutu logontha n'kuwagwira paphewa. A Kasimiro anatembenuka chibakera chili m'mwamba. Sanawamenye, koma anakhala pansi, ndipo tsiku limenelo sanadye chifukwa cha manyazi. Kuyambira pamenepo aNangozo ankayamba kulankhula akadali patali.

"Ndine ine, aMbewe, Nangozo wanu wakale uja! Ndanyamula madzi, mpini ndausiya!"

"Mukufuna mudzi wonse umve?"

"Umve. Wamva zambiri kale."

Mkangano waukulu unali ndi Aluberito. Mnyamatayo anali atakwatira n'kumanga pake, ndipo ankafuna kutenga ng'ombe zokoka ndi ngolo, komanso kugulitsa yofiira ija kuti agule mota.

"Bambo, ng'ombezi zikungodya."

"Nawenso unkangodya zaka zambiri. Ndinakugulitsa?"

"Ndiye mudzakwera liti? Tiuzeni tsiku."

"Ndikafuna."

"Simungathe, bambo. Aliyense akudziwa. Mungovomera."

ANangozo akuti amuna awo anadzuka, nalowa m'khola, namasula ng'ombe ziwiri zokoka n'kupereka zingwe m'manja mwa mwana wawo. Ngolo Aluberito anawasiyira bambo ake, popeza anapeza ina kwa apongozi ake. Yofiira inatsala. Bambo ndi mwana anakhala nthawi yaitali akungopatsana moni.

Anthu anali ndi mafotokozedwe awo, ndipo ndayesa kuwayeza onse. Ambiri ankati mpini unawononga ubongo. Mwina unawonongadi pena, sindingakane, koma munthuyo ankakumbukira mayina a ng'ombe zonse zimene anaphunzitsa ndi eni ake, ankasema magoli owongoka, ndipo pankhani za banja ankalangiza zomveka. Chimene chinkawagwetsa sichinali chilichonse, koma zinthu zodziwika: kufuula kwa gulu, munthu wobwera kumbuyo, nkhungu. Ena ankati analodzedwa. Abale anawatengera kwa asing'anga, a mpingo anabwera kudzapemphera, ndipo palibe chinasintha. Enanso, makamaka amuna a msinkhu wawo, ankati n'kunyada chabe, chifukwa munthu amene anapulumuka nkhondo sangaope mipini.

Mfundo yomalizayi ndiyo ndinaiganizira kwambiri, popeza a Kasimiro anaonadi zoopsa nthawi ya nkhondo, ndipo atabwerako anagwira ntchito bwinobwino. Kusiyana ndikukuona motere. Nkhondo inagwera onse, anathawa onse, ndipo mpaka lero akuluakulu amakamba za masiku amenewo pamaliro ndi pamowa, wina akaiwala mnzake n'kumukumbutsa. Amene anawazunza nthawi imeneyo anali alendo, ndipo anapita. Koma mipini inagwera iwo okha, m'manja mwa anthu amene ankakumana nawo Lamlungu lililonse, ndipo analetsedwa kuikamba. Chinanso n'chakuti anamenyedwa chifukwa cha ntchito yawo yeniyeniyo. Chingwe m'manja, thole kumbuyo, kanjira ka m'munda: zimenezi zinali ntchito, ndipo zinasanduka chiyambi cha kumenyedwa. Sakanatha kugwira chimodzi osamva chinacho.

Mnzanga wina amene ndi namwino ku Tete anandiuza kuti vuto limeneli amalidziwa, kuti anthu akuluakulu omenyedwa kawirikawiri amatsala ndi mantha, kusowa tulo ndi kutaya mtima mabala atapola kalekale, ndiponso kuti thandizo lilipo, lolankhulana ndi la mankhwala. Ndinafikitsa mawuwa kwa a Kasimiro. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"A Tekiniko, ndikakwera shapa, minibasi yodzaza anthu ija, kupita kumeneko, pobwera anthu adzati chiyani? Pano akungonong'ona. Ndikapita adzanena mokweza."

Sindinawakakamize, ndipo sanapite.

Ng'ombe yofiira inafa ndi ukalamba mvula ili pakati. Anthu anagawana nyama, iwo sanadyeko. Patapita milungu ingapo anandiitanitsa, ndipo ndinapeza atamangirira mbuzi yaikazi yonenepa pamtengo wa pichesi.

"Muiyeze bwino. Mano, maso, ziboda, zonse. Ndikufuna pasapezeke wonena kuti ndi yodwala."

"Ili bwino. Mukugulitsa?"

"Ndikukalipira. Ng'ombe yawo yafa, koma nkhani yanga ili moyo. Mutiperekeze, mukachitire umboni kuti mbuziyi ilibe chilema."

Tinapita wapansi, dzuwa litakwera. ANangozo ankayenda mbali ya khutu logontha, ine ndikukoka mbuzi. Powoloka mtsinje a Kasimiro anaima kanthawi akupuma mwamphamvu, thukuta likutsika ngakhale kunali mphepo, kenako anapitiriza. A sekeretariyo tinawapeza akukonza njinga. Anali omwe aja, atakalamba.

"AMbewe! Mwatiyendera lero? Nanga mbuziyi n'ja chiyani?"

"Ndi yanu. Munati wotchula nkhani ija alipire mbuzi. Ndalipiriratu. Itanani anthu, ndikufuna kuitchula."

"Aa, iyayi, si mmene lamulo lija limayendera."

"Limayenda bwanji?" anafunsa aNangozo. "Ayambe alankhula, kenako mutume anthu adzailande? Takuchepetserani ulendo. A Tekiniko awa aiyeza, ilibe ndi chimfine chomwe."

A sekeretariyo anayang'ana mbuzi, anayang'ana ine. Anatuma uthenga. Anabwera akuluakulu ochepa, amayi ena, ndi amuna atatu mwa amene anamenya nawo, a Fausitino ali pakati pawo. A Kasimiro anakana mpando umene anawaikira pakati pa bwalo, naukokera kukhoma. Kenako analankhula.

Analankhula nthawi yaitali, motsatira ndondomeko, mawu osakwera. Anayambira pakhola la a Paulo. Ananena pamene anamva kufuula koyamba, mmene anaganizira kuti akuthamangitsa munthu wina, ndiponso kuti chingwe cha thole sanachitaye mpaka phewa litasweka, chifukwa ankaopa kuti ng'ombe ya mwini isochera. Ananena za ngalande, osabisa ndi za kudzinyowetsa zomwe. Ananena za tulo, za chibakera chimene anatukulira akazi awo, za ng'ombe yofiira imene ankaiona m'mawa uliwonse. Mmodzi wa akuluakulu anayesa kunena kuti zonsezi zinatha kale, koma a sekeretariyo anamuloza mbuzi, ndipo anakhala chete. A Kasimiro atamaliza anatembenuzira khutu labwino kwa a Fausitino.

"Kompadire, ndili ndi funso limodzi. Munandidziwa?"

"Kunali nkhungu, kompadire."

"Za nkhungu ndinamva pamlandu. Ndikufunsa inu. Munandidziwa?"

A Fausitino anayang'ana anzawo awiri aja, koma iwo anali atawerama. Anavula chipewa n'kuchipinda m'manja.

"Chipewa chanu chitagwa, ndinakudziwani."

"Ndiye munasiya?"

"Sindinasiye. Ndinaopa. Ndinati ndikanena kuti uyu ndi kompadire wanga, anena kuti timaba limodzi, atembenukira ine."

ANangozo anagwira pakamwa. A Kasimiro anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa mtengo umene ankauyembekezera.

"Ndinaona maso anu. Tinayang'anana. Koma pamlandu nonse munati nkhungu, ndipo pambuyo pake nonse munati mutu wanga sukuyenda. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa kuti mwina mutu wangawu ndi umene ukundinamiza. Basi, ndamva."

A Fausitino anayamba kupepesa, akulira. A Kasimiro anawamvetsera mpaka atamaliza. Anadzuka. A sekeretariyo anawathamangira ndi chingwe cha mbuzi, akuti aibweze, pakuti palibe amene angadye mbuzi yotero.

"Idyeni. Yagwira ntchito yake."

Apa ndi pamene ndinamvetsa mbali imene ndinali ndisanaione. Ndinkaganiza kuti chimene chinawalemera ndi kukumbukira. Koma chinawalemera kwambiri ndi kukumbukira chinthu chimene anthu onse ankachikana, mpaka iwo eni kuyamba kudzikayikira. Munthu woyendetsa ng'ombe ndi mawu okha amadalira maso ake ndi nzeru zake kuti aone msanga chimene chiweto chikufuna kuchita. A Kasimiro anali atasiya kukhulupirira zonse ziwiri.

Sindinganene kuti anachira. Msana ankautsamiritsabe kukhoma, ndipo phokoso la gulu linkawatulutsabe thukuta. Ndi a Fausitino sanayenderanenso. Akakumana ankapatsana moni wotchulana mfunda, aMbewe ndi aPhiri, dzina la kompadire linatha. Zimene zinasintha ndi izi. ANangozo akuti anayamba kugona mpaka kucha masiku ambiri, ndipo ankamaliza chakudya. Ku Misa analowa m'kati, n'kumakhala pabenchi yomaliza. Kenako tsiku lina anapita okha kwa Aluberito.

"Thole lako lakuda lija lakula. Ukufuna uliwononge ndi manja akowo?"

"Mukulifuna, bambo?"

"Ndikadzalitenga usandiperekeze."

Analitenga okha, ngakhale mtunda wake unali waufupi, ndipo anadikira kuti dzuwa likwere. Analitcha Makala. Ndinalipeza likukoka chipika, ndipo ulendo wotsatira ndinalipeza pagoli limodzi ndi ng'ombe yakale imene mwana wawo anawabwezera. Mawu awo anali atachepa mphamvu, koma ng'ombe zinkawamva. Chinatsala ndi gawo lomaliza, lotulukira kumsewu ndi ngolo. Anandiuza kuti adzatero chisanu chikatha, nkhungu ikasiya kugwa. Kaya akanathadi, sindikudziwa. Anadwala chibayo pakati pa chisanucho, ndipo sanakhalitse.

Yankho langa pa funso lija ndi lotere, ndipo ndikulipereka monga munthu wa ziweto amene anangoonerera. Mipini inathyola mafupa, ndipo achipatala anawalumikiza. Inasiyanso mantha, ndipo mantha amenewo palibe anawayeza, chifukwa iwo sanawatchule ndipo ife sitinafunse. Chigamulo chinateteza midzi iwiri, koma chinasiya munthu mmodzi yekha ndi zimene anaona. Atapeza njira yolankhulira, zina zinabwerera, mochedwa, ndipo osati zonse.

Pamene ankamwalira m'khola munali ng'ombe zitatu. Yaikazi yokalamba inaphedwa pamaliro. Makala ndi inzake ya pagoli anazitenga Aluberito. Sabata yatha ndinadutsa pakhomopo. M'khola aNangozo afesamo mpiru, ndipo wakula bwino chifukwa cha ndowe. Ngolo ili pansi pa chisakasa, mateyala ake atapopedwa, mafuta a m'magudumu akadali akuda. Kumbali ya kumsewu kuli mpanda wa khonje umene unakula n'kutseka chipata chakale cha ngolo zaka zimene sichinkagwira ntchito. ANangozo anandionetsa pamene amuna awo anadula khonjelo masiku ochepa asanagone ndi chibayo, atayeza m'lifupi mwake ndi goli kuti ng'ombe ziwiri zidutse bwino. Zitsa zake zayamba kuphuka. Pansi ndinayang'anapo ndithu, ndipo palibe mkukuluzi wa gudumu. ANangozo aikapo nthambi za minga, kuti mbuzi za eni zisalowe kudzadya mpiru.